Kodi ana a sukulu angakonze okha macheza ndi asayansi?

"Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ya sekondale, ndipo ndimayang'anira kalabu ya sayansi ya ana a zaka 15 mpaka 17. Teremu yatha ndinaitana wofufuza wina wa ku yunivesite kuti adzacheze ndi ana, makolo komanso aliyense wofuna. Zonse ndinakonza ndekha. Mlendoyo analankhula ola lathunthu ndi pulojekita, ndipo nthawi ya mafunso itakwana, m'holo munangoti zii. Funso linafunsidwa limodzi lokha, wofunsayo ndinali ine. Mnzanga wandiuza kuti ulendo wina ndiwasiyire anawo akonze okha. Ine ndili ndi mantha. Angamuchititse manyazi mlendo, angasankhe mutu woti makolo akwiye nawo, komanso mayeso ali pafupi. Kodi n'zothekadi? Ndiwasiyire ziti, ndigwire ziti?"

Aphunzitsi, mtima m'malo. Kukhala chete kwa ana anu tsiku lija sikusonyeza kuti alibe chidwi, ndiponso sikusonyeza kuti inu munalephera. Ndakhala ndikuthandiza kukonza macheza otere kwa zaka zambiri, ndipo zimene zinakuchitikiranizi nane zinandionekerapo. Ulendo wanga woyamba ndinaima kutsogolo n'kunena kuti "amene ali ndi funso akweze dzanja", ana onse n'kuyamba kuyang'ana nsapato zawo ngati azigula tsiku lomwelo. Mnzanuyo wakuuzani zoona. Kungoti mawu oti "asiyireni" anthu amawamva mosiyana. Ena amaganiza kuti mphunzitsi angopinda manja n'kumaonerera. Ena amawapatsa ana ntchito yosesa ndi kuyala mipando, kenako n'kumauza alendo kuti ana akonza okha. Njira zonse ziwirizi sizipita patali.

Tiyambe ndi chimene chinawatseka pakamwa. Munaitana anthu ku macheza, koma chimene anapeza ndi phunziro. Ana amadziwa malamulo a phunziro kuyambira ali aang'ono: wamkulu amaima kutsogolo, mwana amakhala pansi, ndipo wofunsa amadziulula kuti sanamve. Onjezanipo kuti makolo ake ali pomwepo, ahedi ali pampando wakutsogolo, anzake akudikira kuti aphonye Chingerezi aseke. Ndani angakweze dzanja pamenepo? Chinanso n'chakuti munthu amafunsa pamene wamvetsa zokwanira mpaka kuona pamene patsala mpata. Ola lathunthu la zithunzi zodzaza manambala silisiya mpata woterewu, limangotopetsa. Ndipo chachikulu pa zonse, mutu unali wanu. Funso limene mlendo anabwera kudzayankha silinachokere mwa anawo, choncho analibe nalo ludzu.

Palinso kanthu kena kakang'ono kamene ife akuluakulu timalakwitsa osadziwa. Mayi wina wofufuza za maphunziro ku America, Mary Budd Rowe, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amangodikira pafupifupi sekondi imodzi, kenako amayankha okha kapena kuloza mwana wina. Akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, ana ambiri ankayankha, mayankho ankatalika, ndipo anawo ankayamba kufunsa awo mafunso. Ndikukayika ngati tsiku lija munapirira masekondi atatu musanapulumutse mlendo ndi funso lanu. Sindikukunenani, nane ndinkatero. Bata limawawa kwambiri kwa amene wakonza msonkhano.

Macheza amene mukufunawa ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ikuthandizani kuona pamene munapatuka. Mu 1992 katswiri wa filosofi, Marc Sautet, anayamba kusonkhanitsa anthu wamba m'nyumba yomwera khofi ku Paris kuti azikambirana nkhani zozama popanda mayeso kapena satifiketi. Mu 1998 Duncan Dallas, amene ankakonza mapulogalamu a pa TV, anatengera nzeru imeneyi n'kuyambitsa Café Scientifique ku Leeds, ku England. Kachitidwe kake kanali kapafupi: wasayansi alankhule mphindi pafupifupi 20, anthu apume pang'ono akumwa kanthu, kenako nthawi yotsalayo ikhale ya kukambirana. Malo ake sanali holo ya yunivesite, anali malo amene anthu wamba amakhala omasuka. Onani kuti gawo lalikulu ndi la omvera, ndipo wasayansi ndi mlendo pakhomo pa eni ake. Nzeruyi itafika m'sukulu za ku Britain inatchedwa Junior Café Scientifique, ndipo ku New Mexico, ku America, kunayambika macheza a achinyamata amene pambuyo pake anabala Teen Science Café Network. Konseku mfundo yake ndi imodzimodzi: ngati macheza ndi a ana, eni khomo akhale anawo.

Mu 1992 momwemo, wofufuza wina dzina lake Roger Hart analembera bungwe la UNICEF za mmene ana amatengera mbali pa zinthu, ndipo anaziyerekeza ndi makwerero a masitepe asanu ndi atatu. Atatu apansi anati si kutenga mbali n'komwe: kugwiritsa ntchito ana pa zofuna za akulu, kuwaika ngati zokongoletsera, ndi kuwapatsa mpando wongoonetsera. Ine ndimayesa ndi funso limodzi lokha. Kodi pali chinthu chimene ana angasankhe, inu osagwirizana nacho, koma n'kuchitikabe? Ngati palibe, ndiye kuti ana anu ndi maluwa a patebulo. Ndipo ana amazindikira msanga. Mwana amene wapatsidwa pepala lolembedwa kale kuti awerenge mawu olandira alendo amadziwa kuti phwandolo si lake.

Ndiye muwasiyire ziti? Choyamba mutu, ndipo apa m'pamene aphunzitsi ambiri amavutika kumasula dzanja. Musawapatse mndandanda woti asankhepo. Apatseni timapepala alembe, popanda dzina, funso limene limawasowetsa mtendere, ndipo auzeni kuti akafunsenso anzawo amene sali m'kalabu. Mudzadabwa. Sadzalemba "mphamvu ya magetsi" kapena "maselo a zomera". Adzalemba zinthu ngati: n'chifukwa chiyani ndimagona m'kalasi koma usiku tulo osabwera? Kodi foni imamva zimene tikulankhula? N'chifukwa chiyani mankhwala ena amasiya kugwira ntchito? Kodi nzeru n'zobadwa nazo? Lililonse mwa mafunso amenewa lili ndi sayansi yeniyeni pansi pake. La tulo, mwachitsanzo, limakufikitsani pa wotchi ya m'thupi, ndi mmene pa msinkhu waunyamata thupi limachedwera kutulutsa melatonin, timadzi tothandiza kubweretsa tulo, madzulo. La mankhwala limakufikitsani pa mabakiteriya amene amasintha mpaka kusamva mankhwala, nkhani yomwe ili m'silabasi kale, koma tsopano yabwera ndi nkhope ya munthu. Ntchito yanu apa ndi kuwathandiza kuona kuti ndi wofufuza wamtundu wanji amene angayankhe funsolo. Ndipo pa chikwangwani choitanira anthu alembe funsolo mmene analifunsira, asalisandutse mutu wa m'buku.

Chachiwiri, mlendo. Inu mungawapezere mayina atatu kapena anayi, koma asankhe ndi iwo. Langizo langa n'lakuti musathamangire pulofesa wotchuka. Kawirikawiri wophunzira wa digiri yachiwiri kapena ya PhD amachita bwino kuposa bwana wake, chifukwa akukumbukirabe mmene kusadziwa kumamvekera, ndipo msinkhu wake suli kutali ndi wa anawo. Komanso musamangoyang'ana ku yunivesite. Woyeza magazi m'labotale, woona za nyengo, dokotala wa ziweto, injiniya wa madzi, onsewa amagwira sayansi ndi manja tsiku ndi tsiku. Samalaninso kuti alendo asakhale abambo okhaokha. Mu 1983 David Wade Chambers anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anapempha ana oposa 4,800 kuti ajambule wasayansi. Ana 28 okha ndi amene anajambula mkazi, ndipo onsewo anali atsikana. Zinthu zasinthako kuchokera nthawi imeneyo, koma chithunzi cha bambo wa jasi loyera sichinafufutike. Mtsikana akaona mayi wachitsikana akufotokoza kafukufuku wake, n'kuvomera kuti masamu ankamuvuta ali ku sekondale, amaphunzira chinthu chimene inu simungachilembe pa bolodi.

Kalata yoitana alembe ana, m'mawu awo, inu mungoiona n'kuitumiza kudzera ku sukulu. Ofufuza amalandira makalata ambiri a maofesi ndipo ena amangowaunjika, koma kalata yoti "ndife ana a sukulu, tili ndi funso ili, tamva kuti inu mumalifufuza" ndi yovuta kuikana. Apa ndiye pali malire oyamba amene musagonjepo: kulumikizana konse ndi mlendo kudutse mwa inu. Mwana asapatsane nambala ya foni ndi mlendo, asamalemberane pa WhatsApp paokha, ndipo asatsale naye awiriwiri m'chipinda kapena m'galimoto. Izi sizitanthauza kuti mukumuganizira zoipa mlendoyo. Zimateteza mwana, zimatetezanso mlendo. Chimodzimodzi chilolezo cha ahedi ndi cha makolo, ndalama ngati zilipo, kujambula zithunzi za ana, ndi kuonetsetsa kuti aliyense wafika kwawo kusanade. Zimenezi ndi katundu wa munthu wamkulu, musamusenzetse mwana.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse, chomwenso anthu ambiri amachidumpha. Sabata imodzi kapena ziwiri tsiku lisanafike, mlendo ayeserere nkhani yake pamaso pa ana anayi kapena asanu a m'komiti yokonza machezawo, inu muli pomwepo. Ngati ali kutali, zichitike pa foni kapena pa kompyuta. A ku New Mexico aja amachita zimenezi ngati lamulo, ndipo ine nditayamba kutsanzira, macheza athu anasinthiratu. Apatseni anawo chilolezo chomudula mawu nthawi iliyonse akamva liwu losadziwika. Poyamba amachita manyazi, ndiye ine ndimawapatsa kapepala kofiira koti angokweza osalankhula. Ndikukumbuka wofufuza wina wa za majini (tinthu ta m'maselo timene mwana amatengera kwa makolo ake) amene anaona kapepala kofiira kasanu asanathe mphindi ziwiri. Nkhope inagwa, ndipo ndinaganiza kuti atithawa. Kenako mnyamata wina anamufunsa kuti, "Koma inuyo m'mawa mukafika ku ntchito mumachita chiyani kwenikweni?" Mayiyo anaseka, n'kutseka kompyuta, n'kuyamba kufotokoza za tsiku limene ntchito ya miyezi itatu inawonongeka chifukwa firiji inazima usiku. Anawo anamuuza kuti ayambire pamenepo. Tsiku la macheza anayambiradi pa firiji, ndipo mafunso sanathe mpaka tinachita kuwaletsa.

Kuyesereraku kumagwira ntchito zingapo nthawi imodzi. Mlendo amatsitsa chilankhulo chake. Ana a m'komiti amafika tsikulo akudziwa kale nkhaniyo, choncho mafunso oyamba amakhala ali m'thumba. Ndipo mantha anu oti angamuchititse manyazi amathera pomwepa, chifukwa mawu owawa aja, oti "apa sitikumva" kapena "apa pakutopetsa", anenedwa kale m'chipinda cha anthu ochepa. Kunena zoona, wofufuza amene wakana kuyeserera chifukwa "ndakhala ndikuphunzitsa zaka 20" ndi amene adzakubweretsereni ola lina la pulojekita. Muthokozeni mwaulemu, mufune wina.

Za pulojekitayo, ine ndimakonda kuti isakhalepo. Ngati mlendo akuumirira, zithunzi zisapitirire zisanu, ndipo zikhale zithunzidi, zopanda ndime zolembedwa. Chabwino koposa abwere ndi chinthu chogwirika: mwala, fupa, chipangizo chimene amayezera, botolo la madzi a mumtsinje amene akuwafufuza. Mu 1848 wasayansi wa ku England, Michael Faraday, anakamba nkhani zisanu ndi imodzi kwa achinyamata ku bungwe la sayansi la Royal Institution ku London, zonse zochokera pa kandulo yoyaka basi. Chinthu chikamayenda m'manja mwa anthu, pakamwa pamatseguka pokha.

Tsikulo lisatalike, ola limodzi ndi theka ndi lokwanira. Pewani holo yaikulu ya mizere yoyang'ana kutsogolo, ndipo tebulo la alendo olemekezeka lisakhalepo. Anthu 30 m'chipinda chaching'ono amacheza bwino kuposa anthu 200 m'holo. Mipando iikidwe m'timagulu. Wotsogolera akhale mwana, wosunga nthawi akhalenso mwana, ndipo akhale ndi mphamvu yomuimitsa mlendo mphindi 15 kapena 20 zikakwana. Akamaliza musapite pa mafunso nthawi yomweyo. Pumani mphindi khumi, timagulu tikambirane n'kulemba mafunso pa mapepala, mlendo azizungulira. Mwana amene sangakweze dzanja pagulu amatha kunong'oneza mnzake, ndipo funso likawerengedwa ngati la gulu palibe amene amaopa kusekedwa. Aloleninso kufunsa m'chilankhulo chimene amaganizira, wina amasulire ngati mlendo sachimva. Inu khalani kumbuyo, ndipo lumbirani kuti simufunsa funso loyamba ngakhale bata litakuwawani chotani.

Popeza mumaitananso makolo ndi anthu ena, chenjerani ndi bambo uja amene amapezeka pa msonkhano uliwonse, woima n'kunena kuti "langa si funso koma ndemanga chabe", n'kutha mphindi khumi. Mwana wa zaka 16 sangamudule munthu wamkulu popanda kuoneka wamwano. Mutetezeni pokhazikitsa lamulo poyambirira, lonenedwa ndi inu kapena ahedi, loti mafunso oyamba ndi a ophunzira ndipo aliyense ali ndi mphindi imodzi. Ine ndingakulangizeni kuti macheza awiri oyamba akhale a ana okhaokha ndi aphunzitsi ochepa. Akazolowera, tsegulani chitseko kwa onse.

Nanga mitu yovuta ija? Idzabwera ndithu, chifukwa ana amafunsa zimene zikuwakhudza: kugonana, mankhwala osokoneza bongo, katemera, chiyambi cha munthu, matenda a maganizo. Musaikane msangamsanga, chifukwa mukakana mutu woyamba umene aufunitsitsa, adzabwerera ku nsapato zawo zija. Koma musailowenso mwachimbulimbuli. Kambiranani ndi ahedi, dziwitsani makolo mutuwo usanalengezedwe, ndipo muuzeni mlendo za anthu amene adzakhalepo. Wofufuza wabwino amasiyanitsa zimene umboni ukusonyeza ndi zimene munthu ayenera kusankha yekha malinga ndi chikhulupiriro chake, ndipo sanyoza wofunsa. Pa kuyeserera paja mudzaona ngati ali ndi luso limeneli. Ngati mwaona kuti mutu wina sungatheke chaka chino, auzeni ana chifukwa chake mosabisa. Amalandira "ayi" wokhala ndi chifukwa, chimene sakhululuka ndi kuwanamiza kuti mlendo sanapezeke.

Pa mitu ya zaumoyo pali ngozi ina imene anthu saiganizira. Macheza akakoma, anthu amayamba kufunsa za matenda awo: "mayi anga amamva chakutichakuti, amwe chiyani?" Wofufuza si dokotala wa munthu ameneyo, ndipo ngakhale atakhala dokotala, pagulu si poyezera wodwala. Gwirizanani kale kuti mafunso otere ayankhidwe ndi mawu oti apite kuchipatala. Chachikulu kwambiri, timapepala topanda dzina tija nthawi zina timabweretsa kulira kwa mwana. Mukapeza kapepala konena za kugwiriridwa, kumenyedwa kunyumba, kapena kufuna kudzipha, kameneko sikawerengedwa pagulu ndipo si ntchito ya komiti ya ana. N'chifukwa chake mapepala onse ayambe adutsa m'manja mwanu. Pitani nako tsiku lomwelo kwa ahedi ndi kwa mphunzitsi wopereka uphungu, kapena aliyense amene sukulu inamuika kuona za chitetezo cha ana, kuti iwo alumikizane ndi azaumoyo kapena oona za ana. Pa mutu ngati wa matenda a maganizo, mlangizi akhalepo m'chipindamo kuyambira pachiyambi, ndipo ana auzidwe kumene angapite macheza akatha.

Za mayeso musade nazo nkhawa kwambiri. Macheza amodzi pa teremu ndi okwanira poyamba, ndipo utsogoleri upatseni kalasi imene ilibe mayeso aakulu chaka chino. Amene akulemba adzangobwera kudzamvera. Chimene muyenera kuyang'anira ndi china: komiti isadzaze ana anzeru okhaokha amene mumawakonda kale. Mnyamata wolongolola wa kumbuyo uja mwina ndiye wotsogolera wabwino, wojambula m'makope ndiye akonze chikwangwani, ndipo wokayikira chilichonse ndiye woyenera kapepala kofiira. Muikemonso ana a makalasi apansi, apo ayi kalabu idzafa tsiku limene akuluakuluwo adzatsanzike.

Zina zidzalakwika, ndipo zilekeni zilakwike ngati sizivulaza munthu. Chikwangwani chidzachedwa, wotsogolera adzaiwala dzina la mlendo, tsiku lina mlendo adzaimba foni m'mawa kuti sabwera. Pa vuto lomalizali khalani ndi njira ina, monga mphunzitsi mnzanu kapena kukambirana kwa ana okha pa funso lomwelo. Koma mlendo amene akufuna kudzagulitsa mankhwala, kulemba ana mayina kuti alowe m'kafukufuku wake, kapena kuwatenga magazi ndi kuwafunsa mafunso a kafukufuku, ameneyo muimitseni. Kafukufuku wokhudza ana amafuna chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku komanso cha makolo, ndipo macheza si khomo lolowera mozemba. Mukakayika za mlendo, funsani ku dipatimenti yake. Mayunivesite ndi mabungwe ambiri ofufuza ali ndi munthu kapena ofesi yolumikizana ndi anthu wamba, ndipo kumeneko n'kumenenso mungapeze mayina a ofufuza amene anazolowera kucheza ndi achinyamata.

Sabata ino musaitane aliyense. Pa msonkhano wa kalabu, auzeni anawo mosabisa kuti macheza aja sanayende bwino ndipo mukufuna kumva kwa iwo chifukwa chake. Kenako gawani timapepala, ikani katoni patebulo, mutuluke panja mphindi khumi. Mukabwera, werengani nokha kaye zimene alemba, mupatule zofunika kuzisamala mwapadera, ndipo zotsalazo muwabwezere asankhe funso limodzi. Mukandilemberanso, mundiuze funso limene lapambana.